Malamulo a kanyamulidwe ka agalu ndi ziweto pa magalimoto osatseka kumbuyo m'boma la Chongwe

Munthu aliyense amene akweza galu, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku kumbuyo kwa vaneti kapena kanta m'dziko la Zambia ali ndi udindo pamaso pa lamulo, kaya ulendo wake ndi wa makilomita 5 kapena 500. Malamulo okhudza nkhaniyi sali m'buku limodzi. Ena ali m'lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, ena m'lamulo la agalu, ena m'lamulo loteteza ziweto ku matenda, ndipo ena m'lamulo la pamsewu. Onse pamodzi afuna zinthu zitatu: kuti nyama isazunzike paulendo, kuti isatenge matenda n'kupita nawo kudera lina, ndiponso kuti isadzetse ngozi kwa anthu ena oyenda pamsewu.

Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza Chongwe

Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East Road umene umapita ku Chipata ndi kumalire a dziko la Malawi. Bomali ndi kwawo kwa Asoli a mu ufumu wa Nkomeshya, ndipo kuyambira kale ndi dera la ulimi ndi ziweto. Ku Palabana kudziwika ndi ng'ombe za mkaka, pamene ku Kanakantapa kuli alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa zokolola ndi ziweto zawo ku Lusaka.

Kukula kwa mzinda wa Lusaka kwasinthanso nkhope ya bomali. Malo monga Silverest, amene kale anali mafamu ndi tchire, tsopano ali ndi nyumba zambiri. Anthu ochuluka amene amagwira nchito mumzinda ali ndi mapulazi ang'onoang'ono ku Chongwe, ndipo kawirikawiri amapita kumeneko ndi agalu olonda atawaimika kumbuyo kwa galimoto. Pa msewu womwewo pamadutsa amalonda onyamula mbuzi ndi nkhumba kupita nazo ku msika wa ziweto wa Chibolya mu Lusaka, komanso magalimoto onse ochokera ku chigawo cha Kum'mawa kudzera pa mlatho wa Luangwa. Motero galu wa pakhomo, mbuzi ya malonda ndi nkhuku ya mphatso zonse zimakumana pa msewu umodzi, ndipo malamulo ake ndi omwewo.

Lamulo loletsa nkhanza kwa nyama

Lamulo lakale kwambiri pa nkhaniyi ndi la Prevention of Cruelty to Animals Act, limene lili Mutu 245 wa Malamulo a Zambia. Linakhazikitsidwa m'chaka cha 1920, dzikoli likadali Northern Rhodesia, ndipo linatengera kwambiri lamulo la ku Britain la mu 1911. Ngakhale kuti panthawiyo anthu ambiri ankayenda pa ngolo ndi pa sitima, mawu ake amakhudza galimoto ya lero mofanana.

Lamuloli limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuizunza kapena kuisenzetsa katundu wopitirira mphamvu zake. Limanenanso mwachindunji za kanyamulidwe: ndi mlandu kunyamula nyama mwa njira kapena mwa kaikidwe kamene kangaimvetse kuwawa kosafunikira. Mlanduwu sugwera woyendetsa galimoto yekha. Amene watuma munthu kunyamula nyamayo, ndi mwini nyama amene walola kuti inyamulidwe motero, nawonso angaimbidwe mlandu. Mwini mbuzi amene ali kunyumba kwake ku Chalimbana sangadzichotse m'mlandu ponena kuti sanali pa galimoto, ngati sanasamale kuona mmene mbuzi zake zinakwezedwera.

Wopezeka wolakwa angalipe faindi kapena kupita kundende, ndipo khoti lili ndi mphamvu yomulanda nyamayo.

Mawu akuti kuwawa kosafunikira ndiwo mutu wa nkhani. Lamulo sililetsa kunyamula ziweto, popeza mlimi ayenera kufika kumsika ndipo galu wodwala ayenera kufika kwa dokotala. Chimene khoti limafunsa n'chakuti kodi kuwawako kukanapeweka. Mbuzi zomangidwa miyendo inayi pamodzi n'kusanjikizidwa ngati matumba a chimanga, nkhuku zolendewera chazondoka m'mbali mwa galimoto, nkhumba yogonekedwa pa chitsulo chotentha masana onse, ndi galu womangidwa chingwe chothina pakhosi, zonsezi ndi zinthu zimene munthu angazipewe popanda kuwononga ndalama zambiri.

Lamulo la agalu ndi matenda a chiwewe

Agalu ali ndi lamulo lawolawo, la Control of Dogs Act, Mutu 247, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1929. Cholinga chake chachikulu ndi kuthana ndi matenda a chiwewe. Pansi pa lamuloli ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka mmenemo, galu ayenera kulembetsedwa ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Kulembetsa ndi nchito ya khonsolo, pamene katemera amaperekedwa ndi madokotala ndi alangizi a ziweto. Kagalu kamayamba kulandira katemerayu kakakwanitsa miyezi itatu, ndipo mwini wake amapatsidwa chitupa chosonyeza tsiku limene kanabayidwa.

Chiwewe chikabuka m'dera, akuluakulu a boma amalengeza kuti agalu onse amangidwe kapena atsekeredwe pakhomo kwa nthawi yoikika. Galu wopezeka akungoyendayenda panthawi yotereyi angathe kuphedwa, ndipo kutulutsa galu m'deralo popanda chilolezo cha dokotala wa ziweto n'kuphwanya lamulo.

Kukhwima kwa lamuloli kuli ndi chifukwa chake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amatenga matendawa atalumidwa ndi galu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, wodwala sachira. Galu angathe kukhala ndi kachilombo ka chiwewe kwa milungu kapena miyezi asanaonetse chizindikiro chilichonse, choncho galu wooneka wathanzi amene wakwezedwa pa vaneti ku Rufunsa angafikitse matendawa ku Lusaka tsiku lomwelo. Akatswiri amati kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwa matendawa, ndipo maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa ndi 28 September.

Galu wosamangidwa kumbuyo kwa galimoto angathenso kuluma munthu pamene galimoto yaima pa msika, pa malo omwetsera mafuta kapena pa chipata cha apolisi. Munthu wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Apa ndi pamene chitupa cha katemera chimathandiza mwini galu, chifukwa azachipatala ndi apolisi amayamba afunsa chimenecho. N'chifukwa chake chitupachi chiyenera kuyenda limodzi ndi galu paulendo uliwonse.

Chilolezo chosamutsira ziweto

Lamulo la Animal Health Act la nambala 27 la mu 2010, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Stock Diseases Act, ndilo limapatsa mphamvu nthambi ya Department of Veterinary Services, ya mu unduna wa za nsomba ndi ziweto, yoyang'anira kayendedwe ka ziweto m'dziko. Munthu wofuna kuchotsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba m'dera lina kupita nazo kwina ayenera kutenga chilolezo, chimene ambiri amachitcha pemiti, ku ofesi ya ziweto.

Mlangizi wa ziweto wa m'deralo amayamba waona ziwetozo kuti atsimikize kuti sizikudwala. Pa chilolezo pamalembedwa mtundu wa ziweto, chiwerengero chake, kumene zikuchokera, kumene zikupita ndi masiku amene chilolezocho chidzagwire nchito. Apolisi nawonso amafuna umboni wakuti ziwetozo n'zogula kapena n'za mwini wake weniweni, popeza kuba ziweto ndi mlandu waukulu umene chilango chake ndi zaka zambiri m'ndende. Ziweto zopezeka pamsewu popanda zikalata zingalandidwe, ndipo ngati zachokera kudera la mliri zingathe kuphedwa.

Mbiri ya miliri ya ziweto ikusonyeza chifukwa chake zikalatazi zimafunika. Chigodola cha nkhumba, chimene pa Chingerezi amati African swine fever, chakhala chili ku chigawo cha Kum'mawa kwa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake boma limaletsa nkhumba ndi nyama yake kuoloka mtsinje wa Luangwa kubwera kumadzulo popanda chilolezo. M'chaka cha 2013 matendawa anabuka m'chigawo cha Lusaka, boma linaletsa kayendedwe ka nkhumba ndipo nkhumba zambiri zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwo. M'chaka cha 2018 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anagwira ng'ombe ku Chisamba, boma limene lachita malire ndi Chongwe. Mu 2023 matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe, ku chigawo cha Kum'mwera, n'kufalikira kumadera ena, ndipo pofika pa 20 November chaka chimenecho bungwe la WHO linali litalandira malipoti a anthu 684 oganiziridwa kuti adwala ndi anayi omwalira.

Galimoto yeniyeniyo nayo imafalitsa matenda. Ndowe, magazi ndi udzu zotsalira kumbuyo kwa kanta zimasunga tizilombo, makamaka ta chigodola cha nkhumba timene timakhalitsa osafa. Nkhupakupa zimagwa paulendo n'kukagwira ziweto za kwina. Nkhuku imodzi yogulidwa m'mbali mwa msewu ingabweretse chitopa chimene chingamalize khola lonse. Madokotala a ziweto amalangiza kutsuka galimoto ndi kuithira mankhwala ikangotsitsa ziweto, komanso kupatula chiweto chatsopano kwa masiku angapo chisanasakanizidwe ndi zinzake.

Nyama za kutchire zili ndi lamulo lina, la Zambia Wildlife Act la mu 2015. Munthu amene anyamula pusi, fulu kapena mbalame ya kutchire kuti akaiwete pakhomo afunika chilolezo cha nthambi ya Department of National Parks and Wildlife, osati cha ofesi ya ziweto yokha.

Lamulo la pamsewu

Lamulo la Road Traffic Act la nambala 11 la mu 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika ndi dzina lakuti RTSA, limene pamodzi ndi apolisi a pamsewu limaona za chitetezo cha apaulendo. Malamulo a pamsewu amafuna kuti chilichonse chonyamulidwa pa galimoto chimangidwe bwino kuti chisagwe kapena kuika ena pangozi, ndiponso amalanga oyendetsa mosasamala. Chiweto chikagwa kapena kudumpha pa galimoto n'kuchititsa ngozi, woyendetsa ndiye amafunsidwa.

Kuopsa kwake kumaoneka bwino m'masamu. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Galu amene wagwa pa liwiro limeneli amamenya phula ndi mphamvu yofanana ndi ya chinthu chogwa kuchokera pamwamba pa mamita 14, kutalika kwa nyumba ya nsanjika zinayi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto yobwera pambuyo imakhala itayenda mamita 28 pa sekondi imodzi yokha, woyendetsa asanaponde n'komwe mabuleki. Ambiri akaona nyama yagwa patsogolo pawo amakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, ndipo pa msewu wa mbali ziwiri zokha wodzaza ndi malole ndi mabasi, monga mmene ulili wa Great East Road kupitirira Chongwe, kukhota kotereku kungagundanitse magalimoto maso ndi maso.

Galu alibe manja ogwirira. Zala zake zimaterereka pa chitsulo, ndipo galimoto ikakhota, ikagunda dzenje kapena ikaima mwadzidzidzi, iye amangoponyedwa. Ngakhale galu wozolowera ulendo angadumphe akaona galu mnzake kapena mbuzi m'mbali mwa msewu.

Kanyamulidwe koyenera

Njira yabwino koposa yonyamulira galu kapena mphaka ndi kumuika mkati mwa galimoto. Ngati palibe malo, nyamayo iikidwe m'kakhola ka waya kapena ka matabwa kolowa mpweya, kokwanira kuti iimirire, itembenuke ndi kugona, ndipo kakholako kamangidwe molimba ku galimoto, kufupi ndi kumene kumakhala woyendetsa, komwe mphepo ndi kugwedezeka zimachepa.

Popanda kakhola, galu amangidwe ndi lamba wozungulira pachifuwa, ndipo chingwe kapena tcheni chikoledwe pakati penipeni pa malo onyamulira katundu. Chingwecho chikhale chachifupi moti galu angathe kukhala ndi kugona koma osafika m'mphepete. Chingwe chachitali chimaopsa kuposa kusamanga kumene, chifukwa galu akadumpha amalendewera pakhosi kapena kukwekwerezeka pa phula woyendetsa asakudziwa. Mfundo yothina ikakokedwa siyenera kugwiritsidwa nchito pakhosi pa nyama iliyonse.

Kutentha ndi mdani wina. M'miyezi ya September, October ndi November kutentha m'chigawo cha Lusaka kumapitirira madigiri 30, ndipo chitsulo cha galimoto chimene chakhala padzuwa chimatentha kuposa pamenepo mpaka kuwaula mapazi a galu. Galu amaziziritsa thupi mwa kupuma wefuwefu lilime lili kunja, ndipo nkhumba siituluka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Thupi la galu wathanzi limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo likapitirira 41 moyo wake uli pachiswe. Pansi payalidwe mphira, matabwa, mchenga kapena udzu, pamwamba pakhale mthunzi wosatseka mpweya, ndipo ulendo uyambike m'mamawa dzuwa lisanakwere. Paulendo wautali nyama zipatsidwe madzi. Kufunditsa ziweto tenti yothina n'kuzipha ndi kutentha.

Bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la World Organisation for Animal Health, limene Zambia ndi membala wake, lili ndi mfundo za kanyamulidwe ka ziweto pamtunda zimene linabvomereza m'chaka cha 2005. Mfundozi zimati chiweto chodwala, chobvulala, chosatha kuimirira chokha, chakhungu maso onse awiri, chongobadwa kumene mchombo usanapole, ndi cha bere lotsala pang'ono kubereka sichiyenera kuyenda ulendo, kupatula ngati chikupita kukalandira chithandizo. Bere lotsala pang'ono ndi gawo lomaliza mwa magawo 10 a nthawi yonse ya bere, kutanthauza masiku 15 omaliza kwa mbuzi ndi pafupifupi masiku 28 kwa ng'ombe. Mfundozi zimatinso ziweto zikhale ndi malo okwanira kuimirira, zazikulu zipatulidwe ndi zazing'ono, ndipo zisakokedwe kapena kunyamulidwa pogwira mchira, makutu kapena nyanga.

Mmene maiko ena amachitira

Maiko oyandikana ndi Zambia ali ndi malamulo ofanana ndi a Mutu 245. Ku South Africa, lamulo la Animals Protection Act la mu 1962 limaletsa kunyamula nyama mwa njira yoizunza, ndipo ku Malawi kuli lamulo la Protection of Animals Act.

Maiko ena anapitirira pamenepo n'kulemba malamulo onena za galimoto yosatseka kumbuyo mwachindunji. Ku California, m'dziko la America, gawo 23117 la lamulo la magalimoto limaletsa kunyamula nyama kumbuyo kwa galimoto yotereyi pamsewu waukulu pokhapokha itamangidwa mbali zonse ziwiri, ili m'kakhola kolimba, kapena m'mbali mwa galimotoyo muli zotchinga zotalika mainchesi 46, omwe ndi masentimita pafupifupi 117. Lamuloli silikhudza ziweto za pafamu ndi agalu a abusa amene ali pa nchito. Ku New Zealand, kuyambira mu 2018 munthu wonyamula galu wosamangidwa kumbuyo kwa galimoto pamsewu wa boma amalipa madola 300 a dzikolo. Ku Victoria, m'dziko la Australia, malamulo a mu 2019 amaletsa kuika galu pa chitsulo cha galimoto chopanda choyala kutentha kukafika madigiri 28. Muyeso umenewu ukanagwira nchito ku Chongwe, ukanakhudza masiku ambiri a chilimwe.

Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo a maiko amenewa amatchula miyeso imene wapolisi angaione ndi maso n'kulemba faindi pomwepo, pamene lamulo la Zambia la mu 1920 limadalira khoti kugamula ngati kuwawa kwa nyama kunali kosafunikira.

Kumene anthu angapeze thandizo

Chilolezo chosamutsira ziweto, katemera wa chiwewe ndi uthenga wa madera amene atsekedwa chifukwa cha mliri zimapezeka ku ofesi ya dokotala wa ziweto wa boma la Chongwe ndi kwa alangizi a ziweto a m'madera. Popeza ziletso zimaikidwa ndi kuchotsedwa malinga ndi mmene matenda akuyendera, wapaulendo ayenera kufunsa ku ofesiyi asanagule ziweto kapena kuchita hayala galimoto. Kulembetsa agalu kumachitika ku khonsolo. Nkhanza kwa nyama ndi kuba ziweto zimanenedwa kupolisi, ndipo galimoto yonyamula ziweto moika anthu pangozi ingathe kunenedwa kwa apolisi a pamsewu kapena ku RTSA. Mu Lusaka muli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limene limasamalira agalu ndi amphaka ozunzidwa kapena otayika, komanso chipatala cha ziweto cha pa sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia, imene ili m'mbali mwa msewu womwewo wa Great East Road.